Bud Powell: ndiyambire chimbale chiti, nanga nzoona kuti za kumapeto kwake nzosamveka?

Kiyibodi_Zingwangwa:

Moni nonse akuluakulu. Ine ndimaimba kiyibodi kutchalitchi ndi m'maukwati basi, koma chaka chino ndayamba kulowerera za jazz pandekha, kumangoonera ma lesoni pa YouTube usiku anthu akagona. Vuto ndi loti aliyense wophunzitsa bebop amangoti Bud Powell, Bud Powell, ati ngati sunamumvetsere ameneyu usamanene kuti ukuphunzira piyano ya jazz. Nde ndinakamusaka pa Spotify, zimbale zake mbwee, zina Volume 1 Volume 2, zina za ku Paris, zina za live zongomveka matambula kugundana ndi anthu akucheza. Ndinangodina chimodzi cha m'ma 1960 ndipo ndinene zoona sindinamve chodabwitsa chilichonse, zala pena zikuphonya, nyimbo ikukoka, mwini wake akung'ung'udza pansipansi mpaka kumveka mu maiki. Tsiku lina ndinapeza Un Poco Loco, eee, iyi nde ina, mpaka ndinakayika ngati ali munthu yemweyo.

Nde ndithandizeni. Ndiyambire chimbale chiti kuti ndisathere bandulo pa zosathandiza? Chinamuchitikira ndi chani munthuyu kuti kaimbidwe kasinthe chonchi? Komanso amene mumaimba piyano mundiuzeko, dzanja lamanzere amapanga nalo chani, chifukwa ine ndikungomva "du... du-dum" apo ndi apo, pomwe ife kutchalitchi lamanzere ndi limene limanyamula nyimbo yonse.

Madala_a_Vinyl:

Achimwene, ndi munthu yemweyo ndipo makutu anu sanakunamizeni. Zimbale za Bud sungazimvetse ukapanda kuyang'ana chaka chimene anajambula ndi komwe anali atangochokera, chifukwa moyo wake wonse unali wolowa ndi kutuluka m'chipatala. Khalani pansi, ndilemba zambiri.

Dzina lake lonse ndi Earl Rudolph Powell, anabadwira ku Harlem, New York, pa 27 Sepitembala 1924. Bambo ake ankaimba piyano ya stride, ija dzanja lamanzere limangodumpha pansi pamwamba pansi pamwamba, ndipo Bud anayamba ndi classical ali mwana, kumalimbana ndi za Bach limodzi ndi mnzake Elmo Hope yemwenso anadzakhala katswiri wa piyano ya jazz. Ali kamnyamata anakumana ndi Thelonious Monk, wamkulu kwa iye ndi zaka 7, ndipo Monk ndi amene ankamugwira dzanja kupita naye ku Minton's Playhouse komwe anyamata ankaphika zomwe pano timati bebop. Awiriwa ankakondana zenizeni, nyimbo ya Monk ija In Walked Bud akunenedwa ndi iyeyu.

Ntchito yooneka yoyamba inali mu bandi ya Cootie Williams, wa lipenga uja anatchukira kwa Duke Ellington. Mu 1944 bandi imeneyi ndi imene inayamba kujambula 'Round Midnight ya Monk, mwini nyimbo asanaijambule nkomwe, ndipo pa piyano anali Bud ali ndi zaka 19. Kenako mu Januwale 1945 ku Philadelphia, atamaliza kuimba, anagwidwa cha ku siteshoni ya sitima atamwa, apolisi anamumenya m'mutu koopsa. Mnyamata wakuda m'manja mwa apolisi a ku Amereka mu 1945, sindikufunika kufotokoza. Kuchokera pamenepo mutu unkangomuwawa, anamugoneka ku Bellevue kenako ku chipatala cha odwala maganizo cha Pilgrim State.

Chodabwitsa nchoti zimbale zake zoopsa kwambiri zinabwera kumenyedwako kutachitika kale. Mu 1946 aliyense ankamufuna mu situdiyo, Dexter Gordon, J.J. Johnson, Sonny Stitt, Fats Navarro. Januwale 1947 anajambula koyamba m'dzina lake, anthu atatu basi, iye, Curly Russell pa bezi ndi Max Roach pa ng'oma. Meyi chaka chomwecho anakhala pa piyano tsiku limene Charlie Parker ndi Miles Davis ankajambula Donna Lee ku kampani ya zimbale ya Savoy, ndipo tangoganizani, mu situdiyo Parker ndi Bud anakumana tsiku lokhalo basi, zina zonse zomwe mungamve ali limodzi ndi za live. Chaka chisanathe anakangana ndi munthu mu bala, anamuphwanya ndi botolo m'mutu, mathero ake anakamutsekera ku chipatala cha odwala maganizo cha Creedmoor pafupifupi chaka, komwe ankamuwombetsa magetsi m'mutu. Mwana wake wamkazi Celia anabadwa mu 1948 bambo ake ali mkati momwemo.

Tsopano funso lanu la bandulo. Yambani ndi zomwe anajambula kuyambira 1949 kufika 1951, musapite kwina kaye.

Choyamba sakani chimbale chotchedwa Jazz Giant. Nyimbo zoyambirira pamenepo ndi za kumayambiriro kwa 1949, ndi Ray Brown ndi Max Roach, munthu atangotuluka kumene kuchipatala. Tempus Fugit ndi sipidi yochititsa mantha, mu minor, yolusa, umachita kumva kuti munthuyu ali ndi zambiri zoti anene ndipo akudziwa kuti nthawi ndi yochepa, pajatu ma rekodi a 78 ankangolowa mphindi zitatu mbali imodzi. Ikatha imeneyo ikubwera Celia, ya mwana uja, yofatsa yokoma. Ine nyimbo ziwirizi ndikazimvera motsatana ndimaona kuti Bud yense ali momwemo.

Chachiwiri The Amazing Bud Powell Volume 1 cha Blue Note. Muli masiku awiri a situdiyo. Loyamba ndi la Ogasiti 1949, Fats Navarro pa lipenga, Sonny Rollins ali ndi zaka 18 zokha pa tenor, Tommy Potter ndi Roy Haynes, apa ndi pomwe pali Bouncing with Bud, Wail ndi Dance of the Infidels. Navarro anamwalira chaka chotsatira ndi TB ali ndi zaka 26, nde mvetserani lipengalo bwino, silinajambulidwe kambiri. Tsiku lachiwiri ndi 1 Meyi 1951, la Un Poco Loco yanu ija. Anaiika katatu pa chimbalecho, ma teki onse atatu, musadumphe poganiza kuti Spotify yabwereza, mvetserani momwe Max Roach akusinthira kamenyedwe ka kabelu kaja kuchoka pa teki yoyamba kufika yachitatu, akufufuza mpaka kupeza. Pomweponso pali Parisian Thoroughfare yomwe imathera panjira, Bud anangosiya osaimaliza, ndipo a Blue Note anaitulutsa choncho. Anailemba asanapondeko ku Paris.

Chachitatu The Genius of Bud Powell, makamaka nyimbo za Febuluwale 1951 zomwe ali yekhayekha opanda bezi opanda ng'oma, Oblivion, Hallucinations, The Fruit, Dusk in Sandi. Hallucinations ndi yomweyo Miles anaijambula m'dzina loti Budo.

Ogasiti 1951 apolisi anapeza mankhwala ozunguza bongo m'galimoto momwe munali Bud ndi Monk. Monk anakana kumuneneza mnzakeyo, anakalowa masiku 60 ndipo anamulanda khadi yoimbira m'makalabu a ku New York mpaka 1957. Bud anabwereranso m'chipatala, anatuluka kumayambiriro kwa 1953 ndipo anamupereka m'manja mwa Oscar Goodstein, manijala wa kalabu ya Birdland, kuti azimuyang'anira. Munthu yemweyo akukusunga, yemweyo akukulemba ntchito, yemweyo akugwira ndalama zako. Nyimbo ija Glass Enclosure ya pa Volume 2, Ogasiti 1953, anthu ambiri amati inachokera pa momwe ankamutsekera m'nyumba nthawi imeneyo. Siimveka ngati bebop nkomwe, imamveka ngati maliro osakaniza ndi perete wa asilikali.

Pambuyo pa 1953 ine ndimati samalani. Zilipo zabwino, koma zambiri ndi zomwe munamva zija.

Nachisale_Leeds:

A Madala mwalemba bwino, koma pa nkhani ya "pambuyo pa 1953" ndiloleni ndiwonjezereko za ku ntchito kwanga, ndine nesi wa odwala maganizo kuno.

Anthu akamva zala za Bud zikukoka amathamangira kunena kuti misala inamudya kapena mowa unamumaliza. Mowa unalipodi, ndipo omwe ankamudziwa amati olo pang'ono pokha unkamusinthiratu. Koma musaiwale mankhwala. M'zaka za m'ma 1950 ndi pomwe chlorpromazine anayamba kugwiritsidwa ntchito, ku France ankamutcha Largactil, ku Amereka Thorazine, kwathu manesi timangoti CPZ, ndipo Bud anamwa mankhwala amenewa nthawi yaitali. Aliyense amene anasamalirapo munthu womwa CPZ akudziwa zomwe amachita: tulo, thupi kuuma, manja kunjenjemera, munthu kuyenda pang'onopang'ono nkhope ili gwa. Masiku ano timaonetsetsa mlingo, timapereka ena ochepetsa kuumako kapena kusintha mankhwala. Nthawi imeneyo cholinga kwambiri chinali choti wodwala akhale phee asavutitse anthu. Nde tengani munthu amene ntchito yake yonse ili m'zala, amene ankaimba Tempus Fugit pa sipidi ija, mumupatse zimenezo tsiku ndi tsiku, kenako mumukhazike pa piyano maiki ali pamphuno. Chimene chimandidabwitsa ine si kuphonyako ayi, koma kuti ankathabe kuimba.

Za magetsi zija nazonso. Chithandizo cha magetsi chimenechi, chotchedwa ECT, chilipo mpaka lero ndipo chimathandiza anthu ena ovutika kwambiri, koma lero munthu amagonekedwa tulo kaye, amapatsidwa mankhwala ofewetsa minofu, komanso pali malamulo okhwima a chilolezo. M'zipatala za boma za ku New York za m'ma 1940, zodzaza anthu zikwizikwi, wodwala wakuda analibe pokanira. Ndipo chimodzi mwa zomwe ECT imasokoneza ndi kukumbukira.

Onjezani maliro. Charlie Parker anamwalira mu Malichi 1955, patangopita sabata chikanganirane ndi Bud pa siteji ku Birdland anthu akuona. Juni 1956 mng'ono wake Richie Powell, yemwe ankaimba piyano mu bandi ya Clifford Brown ndi Max Roach, anafa pa ngozi ya galimoto ku Pennsylvania limodzi ndi mkazi wake komanso Clifford Brown. Munthu wodwala kale kulandira zimenezi motsatana.

Chinanso, mukamawerenga za mayi uja ankakhala naye, Altevia Edwards, amene ankangomutcha Buttercup, mupeza akumunena kwambiri kuti ankagwira ndalama za Bud ndi kumuchulutsira mankhwala. Mwina zinalidi choncho, koma nkhani zambiri timazimva kuchokera kwa Francis Paudras, yemwe anadzamutenga Bud m'manja mwa mayiyo. Ine ndaona mabanja ambiri osamalira wodwala wotere, kutopa kwake si kwamasewera, nde sindifulumira kuweruza.

Achimwene a Zingwangwa, kung'ung'udza mukukumvako si matenda ayi, oimba piyano ambiri amatero, amaimba pakamwa zomwe zala zikupanga.

Shell_Voicing_Jozi:

Aise wa kiyibodi, ndiyankhe la dzanja lamanzere chifukwa nanenso ndinachokera kutchalitchi konko. Kutchalitchi lamanzere limagwira ntchito ya bezi, octave pansi, pena ndi fifth yomwe, lamanja makodi odzadza. Mu bebop bezi ali ndi mwini wake, akuyenda manotsi anayi pa bar iliyonse, ng'oma ikusunga nthawi pa ride, nde iwe ukapondanso pansipo mungopanga matope. Bud anachotsa katundu yense ku lamanzere nkusiya manotsi awiri okha, ndipo lamanja linayamba kuimba mzere umodzi wautali ngati wa sakisifoni ya Parker. Nchifukwa chake amati anasamutsira Parker pa piyano.

Yesa izi mu B flat. Cm7: kachala kakang'ono pa C, chala chachikulu pa B flat ya pamwamba pake, basi, usawonjezere. F7: kakang'ono kakwere pa F, chachikulu chitsike theka la sitepe kufika pa A. B flat maj7: kakang'ono katsike pa B flat ya pansi, chachikulu chikhale pa A pomwepo osasuntha. Waona? Chala chachikulu changoyenda B flat, A, A, koma khutu lamva kodi iliyonse bwinobwino. Root ndi seventh, root ndi third, kumangosinthana choncho. Ndipo usamenye pa 1 nthawi zonse, iye amabaya mochedwa pang'ono kapena mofulumira, mipata ya lamanja ndi imene akuyankha, nde "du... du-dum" ukumvayo ndi imeneyo. Zimitsa strings ndi pad zonse, phazi lichoke pa sustain, ndipo batani la transpose uliiwale kkkk, bebop imakonda B flat, E flat, F, A flat, ma kiyi omwe ambiri timawathawa Lamulungu.

Ku lamanja chinsinsi chachikulu ndi kuzungulira notsi usanaiponde. Ukufuna kugwera pa D, third ya B flat, usapite chindunji, imba E flat, C sharp, kenako D, ndipo D-yo igwere pa beat. Tenga ma bar 8 oyamba a Celia, tsitsa sipidi pa YouTube ifike 0.5, uyimbe pakamwa kaye mpaka ikhale m'mutu, zala zibwere pambuyo. Ukafuna wokufotokozera, saka mavidiyo a Barry Harris akuphunzitsa, mdala ameneyu moyo wake wonse ankalalikira Bud ndipo anamwalira mu 2021 akuphunzitsabe.

Koma usaganize kuti lamanzere linali lofooka. Mvera Over the Rainbow kapena It Could Happen to You pa tsiku lomwe lija la Un Poco Loco, ali yekha, manja onse odzadza, kaimbidwe ka Art Tatum, katswiri wa piyano amene anamutsogolera, kali poyera. Pali nkhani imene oimba amakonda kukamba, yoti Tatum anamunyoza kuti alibe dzanja lamanzere, nde Bud anakaimba nyimbo yonse ndi lamanzere lokha Tatum ali pomwepo.

Tsopano a Madala, apa nde tisiyana. Inu mwati pambuyo pa 1953 tisamale, ine ndikuti pambuyo pa 1953 ndi pomwe wophunzira ayenera kukhala kwambiri. Bud wa 1949 sungamutsatire, umangoyasama. Bud wa 1958 akuimba pa sipidi yoti khutu likhoza kugwira notsi iliyonse ndipo maganizo ake ndi omwe aja. Time Waits, ndi Sam Jones ndi Philly Joe Jones, nyimbo zonse zake zatsopano, munthu wothedwa angalembe chimbale chonse? The Scene Changes cha Disembala 1958 ndi Paul Chambers ndi Art Taylor, chija pachikuto pali kamwana kake John kakusuzumira pambali pa piyano, Cleopatra's Dream ili pamenepo, mu A flat minor, kiyi yoti ambiri sitiyerekeza, ndipo ma Japan amaikonda nyimbo imeneyi koopsa.

Ku Paris anasamukira mu 1959 ndipo anali ndi trio yokhazikika, Pierre Michelot pa bezi ndi Kenny Clarke pa ng'oma, ankadzitcha Three Bosses. Masiku ena ankangokhala duu pa piyano kuyang'ana khoma, masiku ena moto, nde zimbale za nthawiyi uyenera kusankha. Mingus at Antibes 1960, Bud akulowa pa I'll Remember April nyimbo imodzi yokha koma bho. A Portrait of Thelonious cha 1961, wojambulitsa anali Cannonball Adderley, akuimba nyimbo za Monk molemera mwaulemu. Ku Copenhagen 1962 anajambula ndi kamnyamata ka zaka 15 pa bezi, Niels-Henning Ørsted Pedersen, yemwe anadzakhala chimphona. Ndipo Our Man in Paris cha Dexter Gordon, Meyi 1963, poyamba pa piyano pankayenera kukhala Kenny Drew ndi nyimbo zatsopano za Dexter, atalowa Bud anasintha nkuimba zakale zomwe onse ankazidziwa, Scrapple from the Apple, A Night in Tunisia, ndipo chinatuluka chimbale chimene mpaka lero anthu amayambira Dexter. Pa CD pali Like Someone in Love ya trio yokha opanda Dexter, imeneyo mukaimve a Madala kenako mudzandiuze kuti ndi munthu wotha.

Kwa ife tili kuno ku Joni pali kena kosangalatsa. Chimbale chija Bud Powell in Paris cha 1963 anajambulitsa ndi Duke Ellington pa Reprise, ndipo chaka chomwecho ku Paris komweko Ellington anajambulitsanso mnyamata wa ku Cape Town, Dollar Brand, amene pano ndi Abdullah Ibrahim, pa lebulo yomweyo.

Mdyomba77:

Ine ndinene zosakondweretsa. Nkhani ya Bud anthu mumaikonda chifukwa ndi yomvetsa chisoni, apolisi, magetsi, Paris, nde chimbale chilichonse mumachimvera ndi misozi m'malo mwa makutu. Akanakhala munthu wamba woimba chonchija mu 1964 bwenzi mukuti achoke pa siteji. Monk naye anavutika koma zimbale zake za m'ma 1960 ku Columbia zilibe manyazi. Komanso palibe watchula Massey Hall, chimbale chomwe aliyense amachitamanda kuti konsati yoposa zonse, ine piyano sindiimva bwino nkomwe pamenepo, ndimangomva Dizzy Gillespie wa lipenga akusewera ndi bezi ya Charles Mingus ili pamwamba pa aliyense.

Iwe wa kiyibodi mvera zitatu zomwe anena a Madala, kenako upite kwa Sonny Clark ndi Barry Harris, akupatsa chilankhulo chomwecho choyera opanda kukudandaulitsa.

Madala_a_Vinyl:

A Mdyomba, za bezi ya Mingus mukunena zoona ndipo chifukwa chake chilipo. Konsatiyo inali pa 15 Meyi 1953 ku Toronto, Parker, Dizzy Gillespie, Bud, Mingus ndi Max Roach, ndipo tepi itamveka bezi inali itamira, nde Mingus atabwerera ku New York anakaimbanso bezi pamwamba pa tepiyo asanatulutse pa lebulo yawo ya Debut. Usiku umenewo holo sinadzaze olo theka chifukwa kunali nkhonya ya Rocky Marciano ndi Jersey Joe Walcott, yomwenso inathera mu raundi yoyamba. Parker anaimba sakisifoni ya pulasitiki ndipo pachikuto anamulemba Charlie Chan chifukwa cha kontrakiti yake ndi kampani ina. Koma ngati mukufuna kumva Bud usiku umenewo musasake cha anthu asanu chija, sakani gawo la trio, iye ndi Mingus ndi Roach, linatuluka palokha. Miyezi itatu chitulukire m'chipatala.

A Shell, Like Someone in Love ndimaidziwa ndipo sinditsutsa. Pomwe ndikukanirabe ndi poti munthu woyamba kumene ayambire kumeneko. Uyenera kumva kaye chimene chinatayika kuti umvetse chimene chinatsala, apo ayi uzangomva zomwe anamva achimwenewa, zala zokoka.

Ndimalize nkhani ija poti inathera panjira. Francis Paudras amene atchula a Nachisale anali Mfalansa wojambula zithunzi za malonda, wokonda Bud kuyambira ali mnyamata, ndipo amati poyamba ankamvetsera ali panja pa kalabu chifukwa analibe ndalama yolowera. Anadzakhala mnzake, anamutengera kunyumba kwake, kumudyetsa, kumuletsa mowa, ndipo mu 1963 Bud atapezeka ndi TB ndi iyeyo anathamanga naye. Ankamujambulanso kunyumba pa tepi, nchifukwa chake pali zimbale zambirimbiri zosamveka bwino zomwe zinatuluka Bud atamwalira kale, ndipo ndikukayikira kuti china mwa zimenezo kapena cha ku New York 1964 ndi chimene munadina. Ogasiti 1964 awiriwa anapita ku New York kuti Bud akaimbe ku Birdland masabata angapo, apeze ndalama zolipira ngongole za kuchipatala, abwerere. Usiku woyamba anthu anaimirira kumuombera m'manja asanakhudze nkomwe piyano. Koma New York ndi New York, anzake akale, mowa, anayamba kusowa masiku osadziwika komwe ali, mapeto ake Paudras anakwera ndege yekha. Mu 1965 anaonekera ku Carnegie Hall pa konsati yokumbukira Parker ndipo omwe analipo amati zinali zomvetsa chisoni, apa a Mdyomba sindingakutsutseni. Anamwalira pa 31 Julayi 1966 ku Brooklyn ali ndi zaka 41, TB, kusadya ndi mowa. Maliro ake anayenda m'misewu ya Harlem, anthu zikwi zingapo, bandi ikuimba pa lole kutsogolo, Barry Harris pa piyano.

Filimu ija Round Midnight ya 1986 ya Bertrand Tavernier inachokera pa nkhani ya Paudras ndi Bud, kungoti anasakaniza ndi moyo wa Lester Young nkumusandutsa woimba sakisifoni. Amene anasewera ndi Dexter Gordon yemwe uja wa Our Man in Paris, mpaka anapikisana nawo pa Oscar, ndipo Herbie Hancock anawina Oscar ya nyimbo za mufilimuyo. Ndi yabwino koma musaitenge ngati mbiri yeniyeni.

Kiyibodi_Zingwangwa:

Zikomo kwambiri akuluakulu, a Madala, achemwali a ku Leeds, nonse. Ndatsitsa Jazz Giant ndi Volume 1, zinazo mwezi ukatha. A Shell, za manotsi awiri zija ndayesa, zikumveka zopanda kanthu mpaka dzanja likuchita kuyabwa kufuna kuwonjezera octave, koma ndikaika bezi ya backing track zikukhala bwino heavy. Funso lina, pa Un Poco Loco pakati paja pomwe akupanga solo, lamanzere likungobwereza chinthu chimodzi osasintha kodi, kapena ndi makutu angawa?

Shell_Voicing_Jozi:

Si makutu ako aise, ndi choncho. Mutu wa nyimbo uli ndi makodi ovuta koma solo yonse yakhazikika pa C, lamanzere likungozungulira kachidutswa kamodzi limodzi ndi bezi, lamanja nde lili ndi ufulu wopita kulikonse. Mu 1951 anthu sankapanga zimenezo kawirikawiri, zoimba pa kodi imodzi nthawi yaitali zinadzatchuka cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi Miles. Ndipo kwa iwe imeneyo ndi yosavuta kuyamba nayo kusiyana ndi Tempus Fugit, vamp ya pa kodi imodzi umaidziwa kale, ndi zomwe umapanga abusa akamapempherera anthu kutsogolo. Yamba ndi teki yachitatu, ndi imene inatuluka pa 78.